Mchenga wa Chiliza cha Liseli

Mchenga wabwino uli kumtunda kwa mtsinje wa Maramba, kupitirira pamene pathera nyumba. Ndi wokhakhala, wopanda dothi, ndipo umagwirana bwino ndi simenti. Ndinkaufuna kuti ndimangire chiliza cha mkazi wanga Liseli. Chaka chinali chitatha chimuikireni m'manda, ndipo abale anagwirizana kuti mwala uvundukulidwe Khirisimasi isanafike. Mwana wanga Lungowe anati tingogula mchenga kwa a malole. Ndinakana. Vaneti ndili nayo, fosholo ndili nayo, manja ndili nawo.

Tsikulo nditatuluka m'nyumba ndinapeza alamu anga, ba Mukatimui, atakhala kale m'galimoto. Iwowa ndi akulu ake a malemu, ndipo amagulitsa nsomba zouma mumsika wa Maramba. Ndi mayi wathupi, wa maondo otupa, woyendera ndodo. Sindinawaitane.

"Chiliza cha mung'ono wanga simuzamanga na mchenga wamene ine sininaone," anatero. "Tiyeni, bashi Lungowe. Kapena motoka yanu ifuna tiyambe taipempherera?"

Umo ndi mmene amanditchulira, kutanthauza bambo ake a Lungowe. Ndinaliza galimoto, tinanyamuka.

Ba Mukatimui amayankhula kuyambira pachipata mpaka kumene mukupita. Za mitengo ya nsomba, za akwaya amene akana kusoka yunifomu yatsopano, za mpongozi wawo waulesi. Ndinaphunzira kalekale kuwamva monga mmene munthu amamvera wailesi ya m'nyumba yoyandikana. Phokoso limakhalapo, koma mawu salowa.

Polowera mumtsinjewo ndi pamodzi pokha, pamene malole anagumula gombe n'kupanga chitsetse. Kwina konse magombe ndi oimirira ngati khoma, otalika kuposa munthu wokweza manja, ndipo pamwamba pake pali minga yokhayokha. Ndinatsetsereka, n'kuyenda pamchenga wouma kulowera kumtunda. Ndinapitirira maenje a anthu a malole, ndinapitirira pokhota, kufuna pamene sipanakumbidwepo. Tsikulo munalibe lole ngakhale imodzi. Ndinaona zimenezo, ndipo ndinakondwa kuti palibe wondisokoneza.

Ndinatembenuza vaneti kuti iyang'ane kumene tinachokera, n'kuizimitsa. Dzuwa la Novembala linali pamutu. Kumwamba kwathu kunali koyera mbee, koma chakumpoto, mbali ya ku Senkobo, kunali mtambo wakuda wokhala pansi ngati phiri.

"Kuja ikugwa," anatero ba Mukatimui.

"Ni kutali."

Ine ndinabadwira ku Senanga, kuchigwa cha Zambezi. Kwathuko madzi amabwera mwaulemu. Lero afika pachitsa, sabata yamawa afika pakhola, ndipo munthu amakhala ndi nthawi yomanga katundu, kusamutsa ng'ombe, ngakhale kutsanzika anansi. Ndakhala ku Livingstone zaka zambiri, koma mutu wanga unkadziwabe madzi amtundu umenewo okha.

Ndinayamba kukweza mchenga. Alamu anakhala pachitseko cha galimoto, miyendo panja, akusankha ndi ndodo yawo.

"Osati apo, pali matuvi ya mbuzi. Apo. Imwe, mufuna mukazi wanu akagone pansi pa matuvi ya mbuzi?"

Ndinadzaza mpaka masipuling'i akumbuyo anagona. Ndinaponya fosholo pamwamba, ndinakwera, ndinapotoza kiyi.

Injini inalira bwinobwino. Kenaka inazima.

Ndinapotozanso. Inalira, inazima.

"Yayamba," anatero alamu.

Vanetiyo ndi yakale, ya petulo, ya kabuleta. Ndimaidziwa. Dzulo lake ndinali nditathira mafuta ogula m'chigubu pamsewu, ndipo mtima wanga unathamangira pomwepo: zinyalala zatseka njira ya mafuta. Injini ikumwa tochepa totsala mu kabuleta, tikatha ikuzima. Ndinatsimikiza choncho ndisanatsegule n'komwe boneti.

"Khalani apa," ndinatero, kuwalozera mpando wa dalaivala. "Nikakamba kuti lizani, mupotoze kiyi. Ikalila musiye."

"Ine? Paukalamba uno nikhale dalaivala?"

Anazungulira pang'onopang'ono, akugwira galimoto, nakwera mobuula.

Ndinachotsa sefa ya mafuta, n'kuipemerera ndi pakamwa. Munatuluka timchenga tochepa. Ndinaibwezera.

"Lizani."

Inalira, inazima.

Ndinamasula paipi yolowa mu kabuleta, n'kuiyamwa. Petulo anadzaza m'kamwa mwanga nthawi yomweyo, mpaka ena analowa kukhosi. Ndinalavula, ndinatsokomola. Mafuta anali kufika. Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo n'kuyang'ana kwina. Ine ndinati ndiye kuti chatsekeka ndi kabowo ka m'kati mwa kabuleta. Ndinatenga sikuludilaiva.

Alamu anali mkati moyankhula. Za vanetiyi, kuti Liseli ankaitcha mkazi wachiwiri. Za kiyi, kuti kaya chiyani. Za mkamwini wa mnzawo amene ali ndi galimoto yosafuna kiyi n'komwe. Ndinamva phokoso chabe.

Ndili chiweramire pa injini, mphepo inandikhudza pamsana pamene malaya ananyowa ndi thukuta. Inali yozizira. Inkatsika ndi mtsinje kuchokera kumtunda, ndipo inali ndi fungo la dothi lonyowa. Ndinadzuka n'kuyang'ana. Dzuwa linali likuwalabe. Mchenga unali wouma mpaka pokhota. Koma mbalame zimene zinkalira m'minga zinali zitasiya.

Ndinabwezera chivundikiro cha kabuleta mofulumira.

"Lizani."

Inalira, inazima. Ndipo ulendo uno sitata inazungulira molemera. Batire inali itayamba kutopa.

"Bashi Lungowe," anatero alamu. "Mvelani."

Ndinamva. Kunali ngati lole yodzaza ikubwera patali pamsewu wa miyala, koma phokosolo silinkakwera kapena kutsika monga imachitira injini. Linali limodzimodzi, likungokula.

Madzi oyamba sanali oopsa kuwaona. Anatulukira pokhota ngati lilime lopyapyala, lofiirira, likukankha thovu, timitengo, mabotolo a pulasitiki ndi patapata mmodzi. Ankayenda ngati munthu wofulumira, akusisima polowa mumchenga wotentha. Anadutsa mbali ina ya mtsinje, kutisiya ife pouma. Ndisanamalize kuwayang'ana, lilime lachiwiri linafika pansi pa galimoto n'kundinyowetsa nsapato.



Ndinayang'ana gombe. Ine ndekha, ndi fosholo, mwina ndikanakumba popondera n'kukwera, minga n'kundicheka. Ndinayang'ana alamu. Kutsika m'galimoto kokha kumawatengera nthawi. Kuwabereka sindikanatha, ndi olemera kundiposa. Kuyenda wapansi mpaka pachitsetse, ndi ndodo, pamchenga, madzi ali kumbuyo, sakanafika ngakhale pokhota. Njira yawo yotulukira inali vanetiyi basi. Ndipo amene anawalowetsa muno ndi ine.

Nawonso anali atayang'ana gombelo.

"Mulamu," anatero, akuyesa kuseka, "mwafuna mumange viliza viwili na mchenga umodzi? Mwachenjela."

"Khalani m'kati."

"Nipite kuti?"

Ndinatulutsa foni. Munalibe netiweki m'dzenjemo. Ngakhale ikanakhalapo, ndani akanafika?

Ndinabwerera ku injini. Ndinatenganso sikuludilaiva. Ndinatsegulanso kabuleta, chifukwa sindinkadziwa china chochita. Mafuta anali odzaza mmenemo, oyera. Ndinawayang'ana ngati chitsiru. Madzi anafika m'kakolo. Ndinamva mchenga ukuthawa pansi pa mapazi anga, pang'onopang'ono, ngati wina akuukoka.

Kenaka ndinazindikira kuti m'galimoto muli zii. Chikwatirireni m'banja lawo ndinali ndisanawamvepo ba Mukatimui atakhala chete. Zinandiopsa kuposa madziwo. Ndinasuzumira m'mbali mwa boneti. Anali atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, milomo ikuyenda popanda mawu.

Anandiona. Anayankhula motsitsa, mawu ochepa.

"Nakuuzani kale, imwe simumvela. Iyi motoka siifa yeka. Ikufa nikasiya kiyi."

"Bwanji?"

"Nikagwila kiyi ilila. Nikangochosa kwanja, yafa. Nthawi zonse. Pamene apo."

Ndinaima. Injini yosowa mafuta siifa choncho. Imatsokomola, imanjenjemera, imayesa kukhala moyo. Iyi inkangoduka ngati nyali yozimitsidwa. Ndinali nditazimva ndi makutu anga kuyambira poyamba, koma mutu unali pa chigubu chija.

"Lizani. Musasiye mpaka nikambe."

Anapotoza. Sitata inakoka molemera, injini inagwira. Inapitiriza kulira, sitata ikukuwa pamodzi nayo.

"Siyani."

Inafa pomwepo.

"Ndiye nizingogwila chabe mpaka tifike," anatero alamu.

"Sitata izapsa. Na batire izasila mphamvu."

Koma tsopano ndinadziwa. Galimoto zakalezi zili ndi njira ziwiri zopititsira moto ku koyilo. Pamene ukuliza, moto umapita mwachindunji. Ukasiya kiyi, umadzera m'kachidutswa koyera konga choko, komangidwa pafupi ndi koyiloyo, kamene amakaniko amati balasiti. Kakaduka, injini imalira pokhapokha dzanja lili pa kiyi.

Ndinakapeza pansi pa fumbi ndi girisi. Nditakagwira, kanagawanika pawiri m'zala zanga. Kanali katang'aluka kale, ndipo mabampu a mumtsinje anakamaliza.

Mankhwala ake ndi osavuta: kuchotsa mawaya awiri a mbali zake n'kuwalumikiza okhaokha. Pabwalo la kunyumba ndi ntchito yochita ukucheza. Ndinazula waya woyamba. Wachiwiri unali utachita dzimbiri, unakana. Ndinatenga pulayasi m'thumba, ndipo nthawi yomweyo chinthu china cholemera chinagunda kumbuyo kwa galimoto. Vaneti yonse inagwedezeka, boneti inatsala pang'ono kundigwera pamutu, pulayasi inapulumuka n'kugwera m'madzi. Ndinapapasa ndi phazi. Inali itapita.

"Chinali chani?" ndinafunsa.

"Chimutengo. Chapita. Kubwela vinangu."

Madzi anali atafika pansi pa maondo, ozizira ngati a mufiriji, ndipo ankakoka buluku langa. Ndinakulunga waya uja kuchala n'kukoka ndi mphamvu zonse. Unaduka, n'kundicheka. Ndinaweramira mkati, chifuwa pa injini, ndinasenda mapeto ake ndi mano. Ndinasendanso winawo. Zala zinali zonyowa ndi magazi ndi petulo, tiwaya tinkaterera. Ndinapota kamodzi, tinamasuka. Ndinapukuta manja m'malaya, ndinapotanso. Ndinang'amba pulasitiki ya buledi imene inali kukamwa kwa botolo la mabuleki, n'kukulunga polumikizapo kuti pasakhudze chitsulo.

Ndinabwezera chivundikiro cha kabuleta ndi masikulu awiri okha. Enawo ndinawaika m'kamwa, kenaka ndinawalavula.

"Mulamu," ndinatero. "Batire yasala ya kamodzi. Mupotoze, ikalila musiye."

"Nikasiya izafa."

"Siizafa."

"Mwasimikiza?"

"Lizani."

Sitata inazungulira ngati munthu wodwala akutembenuka pamphasa. Kamodzi. Inaima. Ndinatseka maso. Inazunguliranso, ndipo injini inagwira.

"Siyani."

Sanasiye. Sitata inkakuwa.

"Ba Mukatimui, siyani kiyi."

Anasiya. Injini inapitiriza kulira.

Ndinamenyetsa boneti, ndinathamangira kuchitseko. Alamu anali pampando wanga, ndipo panalibe nthawi yoti atsike. Ndinawakankha ndi phewa ngati thumba la chimanga, iwo akudzikoka, mwendo wawo utakola pa giya, mpaka anafika mbali yawo. Ndinalowetsa giya, ndinasiya kilachi. Matayala anazungulira. Galimoto sinasunthe. Ndinamva kumbuyo kukutitimira.

Madzi anali atakumba pansi pa matayala akumbuyo, ndipo mchenga wanga unkawakanikizira m'dzenjemo.

Ndinachotsa giya. Ndinatenga ndodo ya alamu, ndinaika nsonga yake pa chopondera mafuta, n'kuwagwiritsa.

"Kankhani pang'ono. Isazime. Ikazima tafa."

Ndinatsika. Madzi anali m'maondo, ndipo ndinayenda ndikugwira m'mbali mwa galimoto. Ndinatsegula chitseko chakumbuyo, mchenga unakhuthukira m'madzi. Ndinakwera pamwamba n'kutenga fosholo. Sindinaponye, ndinkangokankha. Mchenga umene ndinasankha fosholo imodziimodzi unkagwa n'kusungunuka osaoneka. Ndili pamwambapo ndinkaona kumtunda. Pokhota, madzi anali atadzaza gombe ndi gombe, ndipo kumbuyo kwa amene anatifikawo kunkabwera ena okwererapo, akugubuduza chitsamba chathunthu ndi mizu yake. Sindinayang'anenso. Ndinakankha mpaka fosholo inayamba kukwecha chitsulo. Injini inkakwera ndi kutsika, malinga ndi mmene alamu ankakankhira ndodo.

Ndinazula chitseko chakumbuyocho pa mahinji ake, poti chimangokolekedwa, n'kuchilowetsa pansi pa tayala limodzi, kutsogolo kwake. Pansi pa linzake ndinalowetsa fosholo. Ndinabwerera pampando madzi akulowa kale pansi pa chitseko.

Giya yachiwiri, mafuta pang'ono. Matayala anazungulira, china chake chinalira ngati chathyoka, galimoto inadumpha n'kutuluka.

Sindinayendetsepo galimoto pamodzi ndi mtsinje. Madzi ankatikankha kumbuyo, chiwongolero chinali chopepuka ngati sichinalumikizidwe ku kanthu. Maenje a anthu a malole anali atabisika onse. Ndinayesa kukumbukira mmene ndinawazembera pobwera, ndinatsata gombe lakumanzere. Ndinkaopa kuthamanga kuti madzi angadumphire pa mawaya, ndinkaopanso kuchedwa. Tayala lakutsogolo linagwera m'dzenje, madzi anakwera pa boneti, injini inatsokomola.

"Yesu," anatero alamu, motsitsa.

Inatsokomolanso, n'kugwira.

Chitsetse chinaonekera kumanja, tsidya lina. Kuti ndichipeze ndinayenera kudula mtsinje, kupereka nthiti za galimoto kwa madzi. Ndinayamba kukhota tisanafike, ndikudziwa kuti atikokera kumunsi. Atatimenya m'mbali, kumbuyo kwa vaneti, kumene tsopano kunalibe katundu, kunayandama n'kuyamba kuzungulira. Ndinaona chitsetse chikudutsa kutsogolo kwa galasi, kuchoka kumanja kupita kumanzere. Alamu anagwira mkono wanga, zikhadabo zinalowa. Ndinaponda mafuta onse. Matayala akumbuyo anakhudza miyala imene a malole anathira m'munsi mwa chitsetsecho. Anaterera, anagwira. Tinakwera chammbali, tayala limodzi likugumula m'mphepete, mpaka tinafika pamwamba.

Ndinayendabe kufika pamtengo wa mupani, patali ndi gombe. Ndinaimika poyang'ana kotsetsereka, kuti ndidzathe kuiliza mongoigubuduza. Ndinazimitsa, chifukwa koyilo yolandira moto wonse imatentha.

Pamwambapo panali pouma. Fumbi, dzuwa, mbuzi zikudya minga. Sipanagwe ngakhale dontho.

Alamu anatsegula chitseko, anatsitsa miyendo, koma itakhudza pansi inakana kuwanyamula. Anakhala pansi pomwepo, m'fumbi, atatsamira tayala, chitenje chili chonyowa mpaka m'chiuno. Ndinazungulira n'kukhala pambali pawo. Kuchokera pamenepo tinkaona mtsinje. Madzi aja okwererapo anali atafika. Anadzaza theka la chitsetse, ofiira, akunyamula mitengo ndi mbuzi yakufa, miyendo m'mwamba. Phokoso lake linkamveka m'nthaka imene tinakhalapo.

Tinakhala nthawi yaitali. M'kamwa mwanga munali petulo yekhayekha. Chala chinkatuluka magazi, ndinachikulunga m'malaya.

"Munakamba kuti siizafa," anatero pomaliza. "Munali kuziba?"

"Ayi."

Anagwedeza mutu. Anavula nsapato imodzi, anakhuthula madzi ndi mchenga, anaivalanso.

"Lungowe timuuza?"

"Ayi."

"Ine nizamuuza."

"Niziba."

Anatambasula dzanja kuti ndiwadzutse. Ndinayesa, koma nanenso miyendo inali isanabwerere. Tinakhalanso pansi, kudikira.